Denga Lomwe Ababa Anasasula

Lamlungu, 23 Novembala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga komanso mlendo wathu watsopanoyo. Kuno tilipo, tikudzuka. Chithunzi cha mwana chija ndinawaonetsa amayi pafoni, ndipo anachiyang'ana mpaka batire kutha. Akuti mphuno ndi ya alamu, koma manjawo ndi akwathu. "Taona zala zake," anatero, "ngati mafosholo. Ameneyu sadzagona ndi njala."

Mudabwa kuti ndasiya foni n'kutenga cholembera ngati anthu akale. Chifukwa chake n'chakuti pafoni ine ndi inu sitimaliza nkhani. Mukayamba kulira inu, ine ndimatsatira, ndipo tikamati titonthole netiweki yathawa. Tsono nkhani ya nyumba ija munaiyamba tsiku lija ndi yofunika kuikhalira pansi. Munati popeza ababa atisiya ndipo nyumbayo ndi yokalamba, tiigulitse kwa mwini sitolo ya simenti uja, amayi abwere kwanu kapena kwanga. Sindinakuyankheni, ndiye mwina munayesa kuti ndavomera. Sindinavomere, achimwene. Ndinangosowa poyambira, chifukwa pali zina zimene ine ndi amayi tinakubisirani. Tinaona kuti munthu amene mkazi wake ali m'chipatala kudikira mwana, bambo ake amwalira iye ali kutali, abwana akumukaniza tchuthi, sungamusenzetsenso katundu wina pamwamba. Lero ndikuuzani zonse, mukawerenga muweruze nokha.

Mukukumbukira momwe anzathu ankatisekera tili ana, amvekere, "Ana a mmisiri ogona ndi mabeseni." Sankanama. Ababa anamangira anthu nyumba mbali zonse za tauni ino, koma yathu mvula ikangoyamba aliyense ankathamangira chotengera chake. Inu munali ndi beseni la pabalaza, ine ndowa ya kuchipinda, amayi poto wamkulu uja wa pakhomo lolowera. Amayi ankadandaula kuti, "Bambo a ana, nyumba za eni mumazimanga ngati mudzagonamo ndinu. Nanga ino mudzaikumbukira liti?" Iwo amvekere, "Ikatha ya aphunzitsi ija." Ikatha ya aphunzitsi pankabwera ya anamwino, ikatha ya anamwino pankabwera sitolo ya wina. Tsiku lina amayi atawapanikiza kwambiri, analoza ife tikuvala yunifolomu n'kunena kuti, "Denga lako ndi ilo likupita kusukulu. Ulisiye liphunzire kaye." Ine ndinali wamng'ono, ndinkangoseka poganiza kuti ababa akucheza. Ndamvetsa nditakula kuti malata onse amene akanagula ankathera m'mabuku mwathu.

Sindikumbukira tsiku limene dzuwa linawapeza ababa ali pabedi. Tikamadzuka ife, iwo amakhala atamwa kale tiyi, atamanga zida zawo kumbuyo kwa njinga, akupopa tayala lakutsogolo lija linkaphwa masiku onse. Madzulo amabwera ali mbuu, nsidze zokha zikuoneka, n'kukhala pakhonde amayi akuwapaka mafuta m'manja. Simenti inawadya zikhatho mpaka kung'ambika ngati nthaka ya m'chilimwe. Batani la malaya linkawavuta kumanga, koma njerwa akaigwira inkakhala pamalo pake ngati inabadwira pomwepo. Anthu sanalakwe kuwatcha a Levulo. Kachida kawo koyezera kaja kanalibe tchuthi ngakhale kunyumba. Anakaika patebulo, pashelefu ya amayi, ngakhale pamutu panu tsiku lija munabwera kometa tsitsi litapendekeka, n'kugamula kuti wometayo abwererenso kokaphunzira. Ine mpaka lero ndimaphunzitsa m'chipinda chimene iwo anamanga, ndipo bolodi la pakhoma analisalaza okha. Aphunzitsi anzanga amalimbirana chipinda chimenecho chifukwa choko chimayenda ngati pagalasi.

Chaka chatha, mawondo atayamba kuwavuta, anasiya ntchito zikuluzikulu. Apo m'pamene anayamba kubwera ndi malata, lero awiri, mwezi wina atatu, n'kumawasanja m'chipinda chanu chakale. Matabwa anasankha okha limodzi limodzi, n'kuwapaka oyilo wakuda kuti chiswe chisawayandikire. Sanafune kuti tikuuzeni. Ankati mudzangoona mukadzabwera ndi banja lanu. Mwezi wathawu, dzuwa likuswa mtengo, anauza amayi kuti, "Chaka chino mabeseni aja ukachapiremo." Katundu tinasamutsira kukhitchini ya panja ija, wina kwa aneba athu oyendetsa minibasi, ndipo ababa anakwera n'kusasula denga lonse lakale. Malata ake anali dzimbiri lokhalokha, ena ukawakweza kumwamba umaona dzuwa ngati sefa. Anati makoma ndi aafupi, nyumba imatentha, choncho awonjezera mizere ingapo ya njerwa asanaike denga latsopano.

Tsiku limene anadwala ine ndinalipo. Linali Loweruka, ndinapita kukawathandiza kuponya njerwa. Anali osangalala, akuimba kanyimbo kawo kopanda mutu kaja. Chakumasana anaika njerwa yomaliza pakona ya kuchipinda kwa amayi, anaigogoda ndi chigwiriro cha mpeni womangira, n'kuyamba kutsika. Ndinaona kuti akutsika pang'onopang'ono kusiyana ndi masiku onse, koma ndinati ndi mawondo aja. Atafika pansi anapita kumgolo wa madzi n'kutsuka mpeniwo mpaka kuwala, kenako anakhala pandowa yovundikira. "Mwanawe," anatero, "dzanja ili likundikana." Nditawayang'ana, pakamwa panali patakhotera mbali imodzi. Ndinakuwa, aneba aja anatsitsa anthu m'minibasi n'kutithamangitsira kuchipatala.

Za kuchipatala mukuzidziwa, kuti magazi anathamanga kwambiri n'kuwapha ziwalo mbali imodzi. Koma pali mawu awiri amene ndikufuna muwasunge. Lilime linali litalemera, ndipo tsiku lina ankalimbana kuti anene chinachake. Amayi anayesa kuti akufuna pemphero. Ndinawerama n'kuika khutu pakamwa pawo, ndipo ndinamva akuti, "Matabwa aja asagone pansi. Apindika." Nditawauza amayi anawomba m'manja. "Inu bambo inu! Anzanu akadwala chonchi amaitana abusa, inu mukuitana matabwa?" Ababa anaseka ndi theka la pakamwa lomwe linkagwirabe ntchito. Kenako anafunsa ngati mwana wabadwa. Nditati ayi, alamu akadali m'chipatala, anati, "Umuuze mkulu wako asachoke pambali pa mkazi wake. Ntchito yake ili kumeneko." Mawu amenewa ndinakuuzani pafoni, koma munali kulira, sindikudziwa ngati munawamva. Ndawalemba pano kuti mukamadziimba mlandu woti simunabwere, muziwawerenga. Ababa sanakudikireni ndi mkwiyo. Anakutumani okha kuti mukhale kumene munaliko.

Chimene tinakubisirani ndi ichi: ababa anamwalira nyumba ilibe denga. Zithunzi za pamaliro zimene ndinakutumizirani ndinazijambula dala cha kumsewu, m'munsi mwa matenti, kuti musaone makoma ali yasa kuyang'ana kumwamba. Anthu anabwera ochuluka kwambiri, mpaka magalimoto ankasowa podutsa. Ambiri analira nafe ndi mtima wonse, koma mukudziwa pagulu sipalephera pakamwa. Ndikudutsa ndi ndowa ya madzi ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "Taonani, mmisiri wamkulu kutuluka m'nyumba yopanda denga." Achimwene, mawu amenewo anandilasa kuposa misomali ya pabokosi. Ndinafuna kutula ndowayo n'kumufunsa kuti iye amagona m'nyumba yomanga ndani, koma ndinangopitirira nayo.

Tsiku lomwelo ndinaona munthu wina ataimirira kutsidya kwa msewu, atagwira njinga, chipewa chili m'manja. Sanalowe m'tenti, sanapereke moni kwa aliyense. Ankangoyang'ana makoma aja. Anali a Misomali, kalipentala uja ankayenda ndi ababa tili ana, amene ankasunga misomali pakamwa mpaka ife kuganiza kuti amadya. Inu munali mutachoka kale pamene anayambana, ndiye mwina nkhani yake simuidziwa bwino. Anagwira ntchito limodzi zaka zambirimbiri, ababa makoma, iwo denga. Ndiye pa nyumba ina mwini wake ankawafulumizitsa, a Misomali anakhoma denga ndi matabwa osauma. Ababa ataliona anawauza pamaso pa mwini nyumba ndi antchito onse kuti, "Ili si denga, ndi chisa cha khwangwala. Zulani." A Misomali anayankha kuti makoma a ababa ndiwo okhota, anatenga sowo yawo n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo akakumana pamsewu wina ankayang'ana kum'mawa, wina kumadzulo. Amayi anayesa kuwauza ababa kuti akapepese. Iwo amvekere, "Ndinanena zoona." Amayi amvekere, "Zoona zake munazinena ngati mukuswa mwala." Komabe ndinkaona kuti tikadutsa panyumba yokhomedwa mwachisawawa, ababa ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Akanakhala uja..." osamaliza.

Anthu atabalalika tinatsala awiri, ine ndi amayi, ndi makoma athu. Paja amati mvula ikakuona litsiro sikata. Sabata yotsatira inagwa yoyamba, yamphepo, ndipo mapepala apulasitiki amene tinaphimbira katundu wotsala m'nyumba anauluka ngati nkhunda. Matiresi ananyowa, kabati ya amayi inafufuma zitseko, m'zipinda munadzaza madzi ofika m'kakolo. Amayi ankagona kukhitchini kuja, pakati pa matumba a makala ndi mipando, mpaka anayamba chifuwa. Ndinawachonderera kuti tipite kuchipinda chimene ndinkachita lendi kufupi ndi sukulu. Anakana. "Ndikachoka ine, matabwa a bambo ako ayang'anira ndani?" Matabwawo ndinali nditawasanja pamwamba pa njerwa monga ananenera, n'kuwaphimba ndi malata akale. Ndinayenda kufunafuna akalipentala, koma nyengo ino aliyense ali pamwamba pa nyumba ya wina, ndipo amene anandimvera chisoni anati mwina chaka chamawa. Mwini sitolo ya simenti uja anabwera kawiri kudzapepesa maliro, pakamwa pakupepesa, maso akuyeza bwalo. M'masiku amenewo m'pamene munaimba foni n'kunena zogulitsa. Ndisakunamizeni, nditamva amayi akutsokomola kuseri kwa chitseko, mumtima ndinatsala pang'ono kuvomera.

Ndiye m'mawa wina ndikukonzeka kupita kusukulu, ndinamva belu la njinga pabwalo. Anali a Misomali. Akalamba, achimwene, tsitsi lonse layera, koma kuyenda kwake n'komwe kuja kothamangira kutsogolo ngati akukankha wilibala. Anavula chipewa n'kuima patsogolo pa amayi.

"Alamu, pepani ndi zovutazi," anatero. "Pamaliro sindinalowe. Munthu amene ndinamumana moni ali moyo, kukamulira kutsogolo kwa anthu ndinaona ngati bodza."

"Khalani pansi, alamu," anatero amayi.

"Sindikhala. Ndabwera kudzaona makoma. Amuna anu anandinyoza pagulu kuti ntchito yanga ndi chisa cha khwangwala. Lero ndi tsiku langa. Ndikapeza pokhota, ndiuza dziko lonse."

Ine ndinafuna kuwabwezera mawu, koma amayi ananditsina pamkono. A Misomali anatulutsa chingwe m'thumba, anandituma kuti ndiwabweretsere levulo ya ababa, n'kukwera makwerero. Anakoka chingwe kuchoka pakona ina kufika pakona ina, anatsinzina diso limodzi, anaika levulo apa, anaikanso apo. Anatsika, anasuntha makwerero, anakweranso. Nthawi ya sukulu inandipitirira ndili chiimire. Atazungulira nyumba yonse anatsika n'kukhala pandowa yomwe ija anakhalapo ababa, akupukuta nkhope ndi chipewa.

"Nkhalamba youma mtima iyi," anatero. "Osandisiyirako ngakhale pamodzi pokha poti ndinenepo?"

Kenako analoza pakona ya kuchipinda kwa amayi. "Mzere wapamwambawo anamanga liti?"

"Tsiku lomwe anadwala," ndinatero. "Atangotsika pamenepo m'pamene dzanja linafooka."

Anayang'ananso pakona paja. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo munthu wamkulu uja analira ngati mwana, chipewa chili kumaso. Amayi anawasiya alire. Atatonthola anapita pamene panali matabwa, anavundukula, ananyamula limodzi n'kuliyang'ana mulitali mwake ngati akuloza mfuti. "Ouma, owongoka, opaka kale oyilo," anatero. "Anachitira dala kuti ndisapeze chonamizira. Alamu, Loweruka tikhoma." Amayi atayamba kunena za malipiro, anawadula. "Mukatchulanso mawu amenewo ndikwera njinga yanga, simudzandionanso."

Masiku otsatirawo ankabwera ndi anzawo awiri, akudula ndi kulumikiza matabwa pabwalo. Amene anafalitsa nkhaniyo sindikumudziwa mpaka lero. Ndinangoona Loweruka m'mamawa anthu akulowa pageti, wina ndi hamala, wina ndi makwerero paphewa. Kunaima galimoto yoyera, ndipo munatuluka bambo wina wamimba yake, wovala bwino. Anati ndi kapitawo pakampani ina yaikulu yomanga, ndipo amene anamuphunzitsa kugwira mpeni womangira ndi ababa. "Anandigwetsetsa khoma langa loyamba katatu," anatero akuvula wotchi ndi nsapato. "Ndinawada mwezi wathunthu. Lero ana anga akudya chifukwa cha khoma limenelo." Kunabweranso mayi uja amagulitsa makala kumsika, atasenza mtsuko wa madzi akumwa. Ine sindinkadziwa kuti khoma la nyumba yake litagwa ndi mvula mwamuna wake atangomwalira, ababa ankapitako madzulo aliwonse akaweruka mpaka analidzutsa. Amayi nawo sankadziwa. Akuti masiku amenewo ankawakalipira poganiza kuti ayamba kuchedwa kubawo. Tsiku lonse linali lotero, achimwene. Aliyense wondipatsa moni anali ndi kankhani kake, ka sitepe, ka chimbudzi, ka uvuni, ndipo ine mwana wawo ndinkamva zambiri koyamba. Ababa sankabwera nazo kunyumba nkhani zotere. Ankangobwera ndi fumbi.

Ntchito inayenda ngati nyerere zagwira chiwala. A Misomali anali pamwamba penipeni, misomali ili pakamwa, akulamula ndi mphuno. Nthawi ina kapitawo uja anakhoma thabwa lina mopendekeka pang'ono. A Misomali analavulira misomali m'dzanja n'kukuwa kuti, "Zula! Ukufuna mwini wake adzuke?" Anthu onse anafa nacho chiseko, kapitawo yemwe, ndipo anazuladi. A Misomali anapukusa mutu. "Mulungu andikhululukire, ndayamba kulankhula ngati iye."

Pofika masana mbali imodzi inali itatha, malata akuwala mpaka kuthobwa m'maso. Titangoyamba mbali yachiwiri, kumwamba kunayamba kuda. Poyamba tinkanamizana kuti ipita kwina, koma mphepo inasintha n'kuyamba kununkha dothi lonyowa. Malata ndi mphepo mukudziwa kuti sizimwerana madzi. Limodzi linatsomphoka m'manja mwa anthu awiri, linauluka n'kukagwera pampanda wa aneba, mwamwayi popanda munthu. Kapitawo anati, "Akuluakulu, titsike, tidzamaliza mawa. Apa wina avulala." Ena anayambadi kutsika. A Misomali sanasunthe. "Amene ali ndi ana aang'ono atsike," anatero. "Ine mayi awa sagonanso m'makala lero. Ndikufuna anthu oti azingopanikiza malata, kukhoma ndikhoma ndekha."

Apa ndiye musandikalipire. Ndinavala buluku la ababa lakuntchito n'kukwera. Amayi anakuwa kuti nditsike, koma ndinachita ngati mphepo yanditseka makutu. Kapitawo ataona kuti mphunzitsi wamkazi wakwera, anachita manyazi n'kubwereranso, ena onse n'kumutsatira. Tinkalandira lata limodzi limodzi, kuligoneka, n'kuligwadira ndi mawondo ndi manja kuti lisanyamuke, a Misomali akubwera pambuyo ndi hamala. Munthu wokalamba uja ankakhoma msomali uliwonse kawiri kokha, wachitatu ayi. Mphezi inkang'anima cha kutali, ine osayerekeza kuyang'ana pansi. Lata lina linandicheka pachikhatho, ndipo ndinazindikira nditaona magazi pamalata. Ngati mukuona kuti zilembo zanga zikuyenda ngati nkhanu, chifukwa chake n'chimenecho. Anandisoka kuchipatala, bala likuuma bwino, musade nkhawa.

Madontho oyamba, akuluakulu aja, anatipeza tikuphimba pamsana pa denga. A Misomali anakhoma msomali womaliza malaya atawamatirira kumsana, ndipo anatsika pomalizira penipeni. Tonse tinathamangira m'nyumba, anthu odzaza pabalaza ndi m'zipinda, tili chiimire popeza munalibe mipando. Kenako inagwa mvula yeniyeni. Phokoso lake pamalata atsopano linali loti sungamve mnzako. Aliyense anali atakweza mutu kuyang'ana kumwamba.

Amayi analowa kuchokera kukhitchini atanyamula beseni. Sindikuganiza kuti anadziwa n'komwe kuti alinyamula, manja anangochita zimene anazolowera. Anaima pabalaza n'kuyang'ana m'mwamba, anapita kuchipinda kwawo, anapita kwanu, anabwerera pakhomo lolowera, anthu akuwapatukira. Panalibe poti aliike. Anakhala pansi pasimenti, beseni lili pamiyendo, n'kunena mokweza ngati akulankhula ndi munthu amene ali chipinda china, "Bambo a ana, mwachedwa, koma mwafolera." Ena anaseka, ena analira, ambiri tinachita zonse ziwiri. A Misomali anali atatsamira khoma, madzi akuyenderera m'chipewa. Anamenya khomalo ndi chikhatho ngati akumenya mnzawo paphewa. "Denga ndi langa, makoma ndi ake," anatero. "Tagwiranso limodzi, afune asafune."

Tsono nkhani imene ndikuopa kukuuzani ndi iyi. Mwini sitolo uja anabweranso sabata yathayi, ndipo ndinamuuza kuti nyumbayi sitigulitsa. Ndinayankha ndisanakufunseni, inu amene muli wamkulu, ndipo pa chimenecho ndikupepesa. Koma ndinali nditawafunsa amayi, ndipo anandiyankha kuti, "Denga ili ndalidikira kuyambira ndili mtsikana. Ndigonemo kaye." Sindinapeze mawu oti ndiwatsutse nawo, ndipo ndikukhulupirira kuti inunso mukanakhalapo simukanawapeza. Za kuti amayi akhala ndi ndani musavutike nazo. Chipinda cha lendi chija ndachisiya, ndabwerera kuno, ndipo ndalanda chipinda chanu. Kusukulu kwatalikirako, koma ndikupalasa njinga ya ababa, ndipo tayala lakutsogolo lija likuphwabe. Chifuwa cha amayi chikuchepa chibwerereni m'nyumba. Zotsala ndi pulasitala wa mizere yatsopano ija ndi penti, ndipo kapitawo uja wati zimenezo ndi zake, tisamulande.

Ndikudziwa kuti munanena zogulitsa chifukwa chowakonda amayi, osati chifukwa chopeputsa thukuta la ababa. Muli kutali, mumaganiza za mayi wokalamba ali yekha m'nyumba yodontha, ndipo mwana aliyense akanaganiza chimodzimodzi. N'chifukwa chake ndalemba zonsezi, kuti muone zimene ine ndinaona. Ine ndinkadziwa kuti ababa ndi munthu wolimbikira ntchito, koma ndinkayesa kuti ankagwirira ife tokha. Masiku ano ndikamapalasa njinga kupita kusukulu ndimayang'ana nyumba za m'mbali mwa msewu, ndipo zawo ndimazizindikira ndi makona ake. M'kati mwake anthu akuphika, akukangana, akulera ana, ena osadziwa n'komwe dzina la amene anawamangira. Ndimadutsa pamenepo mutu uli m'mwamba. Sanatisiyire galimoto kapena sitolo, koma palibe pamene ndinatchulapo kuti ndine mwana wa a Levulo munthu n'kundiyang'ana ndi diso loipa. Ndikuthokoza Mulungu kuti mwa abambo onse a padziko, ife anatipatsa amenewa.

Pempho langa ndi limodzi. Muwaimbire amayi, muwauze ndi pakamwa panu kuti mwamva ndipo simunakwiye. Sanena, koma foni ikalira amadzidzimuka, ndipo dzulo anandifunsa ngati mkulu wanga akudziwa. Amakulemekezani, ndipo sagona tulo tabwino m'nyumbamu mpaka atamva mawu anu. Mukawaimbira musatchule za bala langa, amayamba kundikalipira pachiyambi. Ndipo abwana anu akadzakumasulani, mubwere nonse atatu. Chipinda chanu ndidzakubwezerani, koma kwa masiku ochepa okha.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti tawanyadira ndipo azipuma mokwanira. Kamwanako mukapsompsone m'malo mwa azakhali ake. Aneba athu a minibasi akupereka moni, akuti mpanda wawo tisaudandaule. A Misomali amadutsa pano Lamlungu lililonse, amati akudzaona ngati denga silinasunthe, koma amakhala mpaka tiyi atatha m'ketulo. Nawonso akuti ndikupatseni moni, ndipo akufunsa ngati munasiya kulira mukaona sowo. Amayi akuti muzivala zofunda, muzidya, ndipo mwanayo musamamunyamule ngati thumba la simenti. Ababa akuti

Pepani, achimwene, dzanja lathamanga lokha monga linazolowera m'makalata onse. Sindifufuta. Malo awo akhale pomwepo, ndipo zimene akananena inu mukuzidziwa kuposa ine.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Chitsirizira wa ababa